Khutu la a Chimkuzamawu

Pa depoti yathu ya mabasi panali mkulu wina amene ankadwala matenda osapezeka m'buku la dokotala aliyense: khutu lawo linkagontha likangomva Chingerezi. Musaganize kuti linkamvako pang'ono. Linkatsekeka ndithu, ngati zenera la matikiti nthawi ya nkhomaliro. Koma inu mukangonong'oneza mnzanu m'chinenero chathu, kuseri kwa basi, injini ikulira, kuti mkulu uja dazi lafika pankhongo, basi mwaiputa. Depoti yonse inkamva yankho lake, pamodzi ndi mbiri ya nsapato zimene mwavala.

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ife tinkangoti a Chimkuzamawu, poti ntchito yawo inali yolengeza mabasi. Ankakhala m'kachipinda ka magalasi pamwamba pa ofesi ya matikiti, kokwerako ndi masitepe achitsulo. M'menemo munali mpando wothyoka mwendo wochirikizidwa ndi njerwa, fulasiki ya tiyi, ndi maikolofoni yomwe ankaifunditsa kansalu akamaweruka, ati isagwidwe chimfine.

Amene analimva kuwawa khutu limeneli kuposa tonsefe ndi Kapitawo, woyang'anira madalaivala ndi makondakitala. Munthu wofatsa, wa tayi, wosadziwa kukalipa. Pa moyo wake analakwitsa chinthu chimodzi chokha: anakwatira mwana wa a Chimkuzamawu. Mkaziyo ndi wabwino, musandimve molakwa. Vuto linali loti apongozi ake anali ndi maikolofoni.

Tsiku lina Kapitawo ali pakati pa bwalo, akudzudzula dalaivala wochedwa, nkhope ataiumitsa ngati bwana weniweni, kumwamba kunamveka kutsokomola.

"Mkamwini! Mkamwini wanga wa tayi yabuluu! Mwaiwala chakudya chanu pazenera. Mwana wanga sanadzuke m'mamawa kuti aphikire ntchentche."

Dalaivala uja anaseka mpaka kugwirira tayala. Kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale ogulitsa nthochi, ankamuitana kuti Mkamwini, ngati anakwatira depoti yonse.

Tsono mumve kalengezedwe kawo. Olengeza ena amangoti basi yakuti inyamuka nthawi yakuti, n'kuzimitsa. Iwo ankati zimenezo ndi ulesi. Basi imadziwa kale kumene ikupita, wofunika kuuzidwa ndi munthu. Choncho nthawi ndi nthawi ankatsika masitepe aja, n'kuzungulira bwalo lonse akufunsa aliyense kuti ulendo ngwakuti, kwinaku akuloweza duku, chipewa, katoni ndi nkhuku. Akabwerera kumwamba, nkhani inkayamba.

"Mayi a duku lofiira, inu mukukangana ndi wogulitsa nthochinu, basi ya kumapiri ndi iyo ikubwerera m'mbuyoyo. Nthochi ziliko kumene mukupitako. Thamangani!"

"Achimwene a matiresi, matiresi sakhala pampando ngakhale ndi atsopano. Apatseni anyamata akweze pamwamba."

"Agogo a ndodo, musathamange, mungagwe. Iwe dalaivala wa kumalire, ukangosuntha tayala limodzi agogowa asanakwere, ndiulula kumene unaimika basi Loweruka lija."

Basi inkaima nji, agogo n'kukwera mwaulemu wawo.

Sindikuti anali mngelo, ayi. Pakamwa pamenepo panagwetsa anthu m'mavuto. Kunali bambo wina wa chipewa choyera amene anamva dziko lonse likuuzidwa kuti, "Bambo a chipewa choyera, mayi akwera kale, akusungirani malo. Koma tadikirani. Sabata yatha mayi anali aatali. Afupika liti?" Bamboyo sanakwerenso. Anatulukira pa chiboo cha mpanda, chipewa chili m'thumba. Kunalinso mayi wina amene anavala nsalu yofanana ndi ya mnzake, a Chimkuzamawu n'kumukweza basi ya kumalire pamene iye ankapita kudoko. Atabwerako mawa lake ali wolusa, iwo anavomera kulakwa, ndipo anayamba kumupepesa pa maikolofoni m'mawa uliwonse, kutchula nsalu yake ndi dera limene amakhala, mpaka mayiyo anabwera yekha kudzawachonderera kuti asiye.

Koma chimene chinawatchukitsa ndi khutu lija. Kunabwera mnyamata wina wa suti, chikwama chokoka cha matayala, wongobwera kumene kuchokera kunja. Anakumana nawo pansi pa masitepe, n'kuwafunsa za basi yake m'Chingerezi cha m'mphuno. A Chimkuzamawu anaika dzanja kukhutu.

"Mwati?"

Mnyamata anabwereza, mokweza.

"Pepani, bambo, pali kamphepo."

Anabwereza kachitatu, liwu limodzilimodzi, ngati akulankhula ndi mwana. Mkulu uja anangomuyang'ana mwachisoni, n'kupukusa mutu. Kenako mnyamatayo anaona basi yake ikuloza kugeti, ndipo suti inaiwalika, anafuula m'chinenero chathu.

"Mayo ine! Basi yanga ija ikupita! Madala inu, mwandichedwetsa ndi ugonthi wanuwo!"

"Ehe! Latseguka!" anatero a Chimkuzamawu, akukwera masitepe ngati mnyamata. Basi anaiimitsa, ndipo depoti yonse inauzidwa kuti mwana wathu wotayika uja wapezeka, lilime lake lili bwinobwino, alibe chilema.

Mwana wawo, mkazi wa Kapitawo, anawatengerapo kuchipatala, poti anthu ankamuvutitsa kuti akuwalekerera bambo ake. Dokotala anawaunika m'makutu ndi katochi, n'kuwafunsa mafunso m'Chingerezi. Zii. Anawomba m'manja, anafuula, zii. Akulemba kale kuti munthuyu ndi wogontha, namwino wina panja pa chitseko ananong'oneza mnzake kuti tiyi wapsa koma shuga watha.

"Ine ndimamwa wopanda shuga, mwana wanga, musavutike," anatero wodwalayo.

Dokotala anang'amba pepala lija, n'kuwauza m'chinenero chathu kuti azipita kwawo.

Zinthu zinayenda choncho mpaka pamene kampani yathu inagulidwa ndi kampani ina yaikulu ya kunja, yokhala ndi madepoti m'maiko ambirimbiri. Eni ake sitinawaone. Tinangoona utoto watsopano, mayunifolomu atsopano, ndi zikwangwani zonse zitasanduka Chingerezi. Anatitumiziranso Manijala, mnyamata wophunzira, waulemu wake, wobadwira mumsewu wathu womwewu. Tsiku loyamba anakwera masitepe aja kukadzidziwikitsa, n'kuyamba m'Chingerezi monga anamuphunzitsira. A Chimkuzamawu anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Iwe si mwana wa mayi wosoka uja? Ndinakulengezapo iwe pa maikolofoni yomweyi, utasochera, mamina ali chuchuchu, kabudula ali m'manja. Wakula, eti!"

Manijala anatsika asanamalize zimene anakwerera.

Koma nayenso anali ndi mabwana ake, ndipo mabwanawo ankafuna chinthu chimodzi: munthu akalowa depoti yawo, kaya ndi dziko liti, azimva mawu ofanana. Choncho Manijala anamuitana Kapitawo mu ofesi, n'kutseka chitseko.

"A Kapitawo, akuluakulu akubwera kudzayendera. Akufuna zolengeza zonse zikhale m'Chingerezi. Mkulu uja akakana, tiika makina olankhula okha."

"Bwana, amene uja ndi apongozi anga."

"N'chifukwa chake ndakuitanani inuyo. Ine sandimva. Mukalephera, maikolofoni mukaichotsa ndi manja anu. Mukalepheranso pamenepo, andiuza kuti ndipeze kapitawo wina amene angathe. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani mmene zilili."

Kapitawo anatuluka mu ofesimo. Anali ndi ana kusukulu, nyumba ya lendi, ndi tayi imene anaivutikira zaka zambiri. Kunena zoona, iye Chingerezi ankachikonda. Ankachilankhula mosamala ngati munthu wonyamula mazira, ndipo ankanyadira ana ake akamachitafuna patebulo. Atafika kunyumba anapeza mkazi wake akusita, n'kumufotokozera zonse.

"Ndiye mukufuna mukawachotse bambo anga?"

"Sindinatero, mayi. Ndikuti mwina tiwaphunzitseko mawu awiri atatu. Aloweze basi, ngati nyimbo."

Mkaziyo anaimika simbi, n'kuseka mpaka misozi.

"Muwaphunzitse? Inuyo? Abambo, Chingerezi chimene ndinakhoza nacho mayeso ine anandiphunzitsa ndani? Bambo anga amawerenga nyuzipepala yachizungu yonse, mpaka za imfa zomwe. Amangoibisa pansi pa matiresi."

Kapitawo anakhala pansi. Anakumbukira zonse zimene ankang'ung'udza m'Chingerezi pamaso pa apongozi ake zaka zonsezi, akuganiza kuti ali pabwino. Anakumbukira tsiku limene anawatchula kuti wailesi yakale yosazimitsika, iwo akumwetulira n'kumuthirira tiyi. Thukuta linamutsika mpaka m'masokosi.

Mawa lake anakwera masitepe aja chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndabwera ndi pempho."

"Khalani, mkamwini. Samalani njerwayo."

"Bambo, ndamva kuti Chingerezi mumachidziwa."

"Mwana wanga uja pakamwa anatengera ine."

"Ndiye chonde, tsiku limodzi lokha. Akuluakulu akangopita, muzipitiriza zanu. Dziko lasintha, Bambo. Kulikonse anthu akulankhula chimenechi. Ngakhale foni yanuyo simulankhula nayo chathu."

A Chimkuzamawu anamukokera pazenera.

"Taonani pansipo. Mayi uyo wa mwana kumsana. Mkulu uyo wakumbatira khasu latsopano ngati mkwatibwi. Atsikana awo a mabeseni. Ndiuzeni, ndani mwa amenewa analota m'Chingerezi lero? Ine Chingerezi sindidana nacho. Chibwere, tichipatse mpando, chimwe tiyi. Mlendo weniweni akasochera pano ndimatsika ndekha, ndimamugwira dzanja mpaka pakhomo la basi, simunandione? Koma zikwangwani munasintha, ndinakhala chete. Matikiti munasintha, ndinakhala chete. Chimbudzi chomwe munachipatsa dzina lachizungu, moti anthu akuchita kufunsa njira atapanikizika. Pa depoti yonse ino chatsala ndi pakamwa panga pokha. Pamenepanso mukupafuna?"

"Andichotsa ntchito, Bambo."

Mkulu uja anatembenuka n'kumufunsa:

"Akufuna amve Chingerezi pa maikolofoni yanga?"

"Basi, chomwecho."

"Achimva. Pitani mukawauze."

Kapitawo anatsika akuyimba kamluzu. Munthu wosauka! Akanawafunsa kuti achimva bwanji.

Tsiku la alendo linafika. Bwalo linasesedwa mpaka nyerere zinasamuka. Ogulitsa nthochi anakankhidwira kuseri, madalaivala anapesa tsitsi. Akuluakulu anatsika m'galimoto yakuda, ena akunja, ena athu omwe, onse atavala makadi m'khosi. Manijala anawaimika pakati pa bwalo, n'kukweza dzanja kuloza kachipinda ka magalasi. Kapitawo anatseka maso n'kupemphera.

Zimkuzamawu zinakhosomola. Kenako kunamveka Chingerezi. Chingerezi chenicheni, abale, chosalala, chochokera kwawo kwenikweni! Koma mawu ake anali a mzimayi. Mzimayiyo ankafotokoza modekha kuti kwawoko kugwa chisanu choopsa, ndipo oyendetsa galimoto asamale m'misewu. Kapitawo atatsegula maso anaona apongozi ake pazenera, atagwira kawailesi kawo kakang'ono, atakagunditsa pa maikolofoni, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

Patapita kanthawi kawailesi kanazimitsidwa.

"Chingerezi chija mwachimva nonse? Chabwino. Amene mukupita kwa mayiwa, tengani majuzi. Tsopano ife otsala, tamverani. Bambo a njinga yopanda tcheni, basi ya kudoko ikukudikirani. Alendo athu a makadi m'khosi, takulandirani, koma sunthani pang'ono, mwaima panjira ya basi."

Depoti inaphulika. Makondakitala ankagubuduka, ogulitsa nthochi anatuluka kuseri kuja akululutira. Mmodzi mwa alendo akunja aja, atamumasulira, anaseka mpaka kuvula magalasi. Koma amene anaseka sanali wamkulu wawo. Wamkuluyo anayang'ana wotchi, n'kunena mawu ochepa kwa Manijala, ndipo Manijala anayang'ana Kapitawo.

Masitepe aja sanatalikepo ngati masana amenewo. Kapitawo anakwera ndi sikuludiraiva m'thumba, mtima ukumuwawa, akukonza mawu amene sankabwera. Atatsegula chitseko anapeza maikolofoni itamasulidwa kale, waya atakulungidwa bwinobwino, itafunditsidwa kansalu kake.

"Tengani, mkamwini. Sindikufuna anthu azidzati munalanda apongozi anu. Ndakupatsani ndekha. Adzukulu anga adye."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Mwalakwa chiyani? Inu mwagwira ntchito yanu, ine ndagwira yanga. Ndinyamulireni fulasikiyo."

Kapitawo analira pamasitepe, osabisa. Tonse tinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, mkulu uja akakhala pakhonde kwawo n'kumawerenga nyuzipepala zake zobisa zija. Tinali tisanawadziwe.

Makina anaikidwa. Anali ndi mawu a mzimayi, okoma ngati a m'ndege, ndipo anthu anamutcha Dona. M'mawa woyamba Dona atangomaliza chiganizo chake choyamba, kunja kwa mpanda kunamveka liwu limene tonse tinkalidziwa. A Chimkuzamawu anali ataimirira pa mgolo, m'mphepete mwa msewu, atagwira chimphanda cha lata chokuzira mawu chimene anakhomakhoma okha ngati fanulo.

"A Dona akuti basi ya kudoko ichedwa, ndipo akupepesa. Asakunamizeni, sakupepesa kanthu amenewa, alibe mtima, ndi waya! Mayi a ambulera yamaluwa, khalani pansi, nthawi ilipo, yamwitsani mwanayo."

Dona akalankhula, iwo ankamasulira, n'kuwonjezera ndemanga. Dona akati anthu asamale katundu wawo, iwo ankatchula malaya a wakubayo. Anthu anayamba kudikira mabasi atatsamira mpanda, kufupi ndi mgolo, mabenchi atsopano a kampani ali mbee. Manijala anamuitananso Kapitawo.

"Kawachotseni pamenepo."

"Bwana, ali pamsewu. Msewu si wa kampani."

Aka kanali koyamba Kapitawo kumutsutsa bwana, ndipo iye mwini anadabwa. Manijala anapuma mozama, n'kunena kuti chabwino, wa kunja kwa mpanda sangamuletse, koma wantchito aliyense wa kampani amene adzafuule zolengeza zake m'bwalomo, m'chinenero china chilichonse, adzaona zakuda. Lamulo limenelo linachokera kumwamba, ndipo analibwereza pamsonkhano wa antchito onse.

Kenako mvula inayamba. Kapitawo anawagulira apongozi ake chijasi cha pulasitiki, iwo n'kuchifunditsa chimphanda chija kuti chisachite dzimbiri. Mwana wawo anawakalipira, anawabisira nsapato, iwo anapita ndi patapata. Chifuwa chinawagwira. Liwu lija, limene linkaimitsa basi ili pageti, linayamba kusasa, kenako kuonda, mpaka anthu ankachita kuyandikira mgolo kuti amve. Tsiku lina mgolo unali wokha.

Kapitawo anapita kukawaona masana ena, ali gone m'chipinda chawo, zenera lili lotsegula. Ankalankhula monong'ona, moti anachita kugwada pafupi ndi bedi.

"A Dona ali bwanji?"

"Ali bwino, Bambo."

"Sakutsokomola?"

"Ayi."

"Mwaona. Chinthu chosadwala musamachikhulupirire." Anapuma pang'ono. "Anthu akukwera?"

"Akukwera, Bambo."

Linali bodza la theka, ndipo onse awiri ankadziwa. A Chimkuzamawu anamwalira m'mawa wina sabata yomweyo, nthawi imene basi yoyamba ya kumapiri imanyamuka. Madalaivala atamva, analiza mahutala onse pamodzi, ndipo kwa kanthawi Dona sanamveke.

Depoti ilipobe, ndipo musamve zabodza, ikuyenda. Utoto ndi wowala, mabasi amanyamuka pa nthawi yake, mwinanso kuposa kale. Phokoso liripo lambiri. Koma ndi phokoso limene silikudziwa munthu. Palibenso amene amakuona kuti wavala duku lofiira. Anthu achikulire amayenda ndi tikiti m'manja, akuionetsa kwa aliyense wooneka wophunzira, mwamanyazi, ngati akupempha. Ena amangokhala pabenchi n'kumagwedeza mutu Dona akamalankhula, kuti asaoneke otsalira. Zimenezi Kapitawo ankaziona tsiku ndi tsiku, ndipo zinkamudya. Koma ankakumbukira lendi ndi ana, n'kumeza malovu.

Ndiye kunabwera mkulu wina wa jekete lalikulu, atanyamula katoni ya mbande za mitengo ya zipatso, akuisamala ngati khanda. Anamupeza Kapitawo pageti n'kumufunsa za basi ya kumapiri, yomaliza tsiku limenelo. Kapitawo anamulozera benchi ya kumapeto, nati akhale pomwepo, basi imupeza. Atatero anakwera kukhonde la pamwamba, kumene Manijala ankamudikira ndi mlendo wina wochokera ku likulu la kampani.

Ali mkati mokambirana, Dona analengeza kuti basi ya kumapiri yasintha malo, inyamukira mbali ina ya bwalo. Analengeza bwino, momveka, kawiri konse. Amene anamva ananyamuka. Mkulu wa mbande uja anagwedeza mutu mwaulemu, n'kukhalabe pabenchi pake, katoni ili pamiyendo, akudikira pamene anauzidwa ndi munthu wa tayi.

Kapitawo anaona basi ikutseka chitseko. Anaona ikubwerera m'mbuyo. Kutsika masitepe n'kudutsa bwalo lonselo sakanakwanitsa. Mlendo uja anali pakati pa chiganizo, Manijala akumvetsera. Kapitawo anaganiza za lendi. Kenako anapezeka kuti wagwira kale chitsulo cha khonde, ndipo pakamwa patseguka pokha.

"Bambo a jekete lalikulu! Inu a mbande! Basi yanu ndi iyo ikuthawayo! Iwe dalaivala, ima pomwepo, ndakuona!"

Liwu lake linali loonda, lothethekera, ngati la tambala wophunzira kulira. Koma bwalo lonse linaima. Ogulitsa anatembenuka, makondakitala anayang'ana kumwamba, ena anagwira pakamwa. Basi inaima. Mkulu uja anadzuka, n'kuyenda ndi katoni yake mosathamanga, ndipo atafika pachitseko anatembenuka n'kukweza chipewa.

Manijala anamuitana Kapitawo mu ofesi madzulo asanaweruke. Analankhula akuyang'ana pansi. Anati wayesetsa kumuchonderera mlendo uja, ndipo ntchito yonse sinathe, koma ukapitawo watha. Malo amene analipo ndi a kokweza katundu.

"Mukadangotsika n'kukamuuza mwakachetechete," anatero Manijala.

"Basi ikanapita, bwana."

"Mudzachitanso?"

"Mawa lomwe."

Manijala anamuyang'ana. Kenako anati iye zenera la ofesi yake amakonda kulitseka, chifukwa cha fumbi, moti za m'bwalo sazimva.

Kunyumba Kapitawo anavula tayi n'kuiika patebulo, akudikira mkuntho. Mkazi wake anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati mkulu wa mbandeyo anakwera. Atamva kuti anakwera, anapita kukafuna ovolosi yakale m'sutikesi, n'kuyamba kuisita, misozi ikugwera pansalu. Banja lonse linasamukira m'nyumba yocheperako, ndipo ana anasintha sukulu. Zinawawa, tisanamizane.

Lero mukafika pa depoti yathu, yang'anani pamwamba pa mabasi. Mudzaona bambo wa ovolosi, imvi zayamba, akumanga matiresi ndi njinga. Pamwambapo amaona bwalo lonse. Dona akamaliza zake, iye amaimirira, n'kuika manja kukamwa. Nthabwala sazitha, ndipo nthawi zina amasokoneza mitundu ya maduku. Anamuchenjezapo kale, ndipo tsiku lina adzamuchotseratu, iye akudziwa.

Tsiku lina posachedwapa ndinamuona akuitana mayi wina wa beseni, mawu akumuthera pakhosi, mphepo ikuwabweza. Mayiyo sankamva. Wogulitsa nthochi wina wamkulu, amene anakalambira pa depoti pomwepo, anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Kwezani mawu, Mkamwini! Kumanda sakukumvani!"

Kapitawo anapukuta m'maso ndi dzanja la ovolosi, anakoka mpweya wonse umene anali nawo, ndipo anakweza.